A Gerson pa Tsamba Loyamba la Chimbale

A Gerson anali atagamula kale kuti pa ukwati wa Ella sipadzakhala zovinavina. Kwaya idzayimba, anthu adzaponya za perekaniperekani akuyenda mwaulemu, kenako aliyense kwawo. Ella, mwana wawo wotsiriza, sanalimbane nawo. Anangouza mayi ake pafoni kuti ngati ndi choncho, madyerero akachitikira ku Lilongwe kwa makolo a mwamuna.

Nkhaniyi inawakhala pamtima mayi Dailes. Iwo anaphika ndi kuvina pa maukwati a ana a anzawo Senga Bay yonse. Lero wa mwana wawo ukwere minibasi?

Amuna awowo, mphunzitsi wopuma amenenso anali mkulu wa mpingo, anali ndi umboni umodzi wokha umene ankaukonda: chimbale cha DVD cha ukwati wa Agape, mwana wawo woyamba. Mlendo akangokhala pansi, ankamuikira pa kompyuta ya pabalaza kuti aone ukwati wadongosolo. M'filimumo a Gerson amaoneka atakhala pa tebulo lapamwamba, jekete yomanga mabatani, nkhope ngati ya woweruza milandu.

Panali kanthu kamene sankakadziwa. Pa ukwatiwo, dzuwa litapendeka, nyimbo ina inawalowa m'mafupa. Anavula jekete, namanga tayi kumutu, natsika mpaka mawondo kutsala pang'ono kugunda simenti. Mawa lake anapita kwa Chrispin, amene anajambula mwambowo, n'kumulamula kuti adule gawo limenelo. Chrispin anamvera, analidula m'filimu. Koma analiika pa tsamba loyamba la chimbale, lija amati menyu, pamene munthu amasankha choti aonere. Pamenepo kachidutswako kamangobwerezabwereza mpaka wina adine batani.

Pulogalamu yoonetsera mafilimu ya pa kompyuta ya a Gerson inali yachikale. Menyu sinkaidziwa. Ukalowetsa chimbale inkangolumpha tsambalo n'kuyamba filimu. Koma zimbale zina zinagawidwa kwa abale ndi anansi, ndipo iwo ankaonera pa makina a DVD enieni.

Mayi Dailes anaziona koyamba kwa Habiba, mnansi wawo wogulitsa usipa wouma.

"Wallahi, achemwali," anatero Habiba tsiku limenelo akupukuta misozi, "amuna anuwa chiuno chawo ngati chambo chongovuula kumene!"

Iwo anaseka nawo, koma kunyumba sanakanene. Anaisunga nkhaniyo ngati mbewu.

Tsopano nthawi yodzala inakwana. Lachisanu anakwera kabaza mpaka pamsewu, nafika ku boma, pa kasitolo kena kokonza makompyuta. Anafunsa pulogalamu imene imaonetsa chimbale monga chilili, kuyambira pa menyu. Wa m'sitolomo anawaikira pa fulashi. Poti anagwirapo ntchito yotayipa mu ofesi, kompyuta sinkawaopsa. Loweruka, amuna awo ali ku msonkhano wa akulu a mpingo, anailowetsa, naiyesa kamodzi atatsitsa mawu, nazimitsa msanga.

Lamulungu masana komiti ya ukwati inasonkhana pabalaza. Panali a Masiye, wapampando, amenenso anali mkulu wa mpingo. Panali Habiba wa zophikaphika, ndi ena angapo. Mayi Dailes anakhala pafupi ndi kompyuta, mausi ili pa buku la nyimbo pamiyendo pawo.

"Abale," anayamba a Gerson, "sindikufuna tizitaya nthawi ndi za ma DJ. Ukwati si dansi. Ineyo chibadwire sindinaonepo phindu la munthu wamkulu kudzigwedeza pagulu. Mayi a Agape, taikani chimbale chija, aone okha."

"Chija cha dongosolo?"

"Chomwecho."

Chimbale chinalira m'kati, kenako nyimbo inaphulika. Pakati pa maluwa ojambula ndi mawu oti asankhe gawo, panatulukira a Gerson, tayi kumutu, mpango m'mwamba, akutsika pang'onopang'ono. Atafika pansi anatembenuka n'kuyang'ana kamera, natsinzinira diso limodzi. Chithunzi chinathima kamphindi, n'kuyambiranso.

A Gerson anaimirira. "Ichi n'chiyani?"

"Ndi menyu, bambo," anayankha mayi Dailes modekha. "Pulogalamu yatsopanoyi imayambira pamenepa."

"Dinani ipite!"

"Ndikufunafuna kamuvi kaja. Kasowa. Maso angawa masiku ano..."

Anayendetsa mausi pa buku la nyimbo mosamala kwambiri, kuonetsetsa kuti kamuviko kasachoke pakona. A Gerson anagogoda kiyibodi ndi chala chimodzi. Mawu a pa menyu anangosintha mtundu, ndipo a Gerson a m'chimbale anatsikanso.

Chimene chinawadabwitsa a Gerson n'chakuti palibe anadzidzimuka. A Masiye anali atatsamira mpando, phazi likugunda pansi motsatira nyimbo.

"Eya, tsopano ichi ndiye chimbale chenicheni," anatero. "Ndinkadabwa kuti chanu chimayambira pakati bwanji."

"Mukutanthauza chiyani, akulu?"

"Kwathu adzukulu filimuyo saifuna n'komwe. Amangosiya pomwepa. Wamng'ono uja amachita kumanga nsanza kumutu."

"Changa chinafika mpaka ku Chinguluwe," anawonjeza Habiba. "Azilamu anga anachibwereka nthawi yokolola mpunga, chinabwerako chitakalikakalika. Apa, apa, taonani pamene akutembenukapa! Mashallah!"

A Gerson anakhala pansi pang'onopang'ono, osati ngati a m'chimbale aja. Anayang'ana nkhope imodziimodzi.

"Ndiye kuti nonsenu, zaka zonsezi, ndikamalalikira za kudziletsa..."

"Timamva, akulu," anatero a Masiye. "Uthenga umakhala wabwino."

"Nanga inu, mayi a Agape?"

"Ine ndinalonjeza kumvera, sindinalonjeze kuulula."

Apa mayi Dailes anayang'anitsitsa a Gerson. Amuna awo ankawadziwa: manyazi akawakulira ankatha kuuma ngati chitsa, ndipo zikanatero, ukwati ukanapitadi ku Lilongwe. Anasiya kuseweretsa mausi, nadikira.

Nyimbo inayambiranso. A Gerson anavala magalasi awo, nasendera kufupi. Anaonerera kachidutswako mpaka kumapeto, ngati akuchonga ntchito ya mwana wa sukulu.

"Nsapato zija zinkandithina," anatero potsiriza. "Mwendo wamanzerewo sukuyenda bwino."

"Pa wa Ella mudzavale zofewa," anatero Habiba.

A Gerson anakhosomola. "Wapampando, lembani kuti DJ adzakhalepo. Nyimbo zake ndidzayambe ndazimva ineyo. Koma wojambula asadzakhale Chrispin."

"Ella analankhula naye kale," anatero mayi Dailes.

Nthawi yomweyo kamuvi kaja kanapezeka. Anadina, filimu n'kuyamba: a Gerson pa tebulo lapamwamba, jekete yomanga mabatani. Anthu anayamba kukambirana za nkhuni ndi mapoto. Mayi Dailes anatenga foni yawo n'kutuluka pakhonde kukauza Ella kuti za ku Lilongwe zija azisiye. Foni ikuitana, anamva mawu a amuna awo m'nyumbamo, otsika, akufunsa a Masiye kuti kodi munthu akafuna kubwerera pa tsamba loyamba lija amadina pati.