Kumutu kwa Bedi

Chidole chinabwera Lolemba m'bokosi lalitali. Chinali cha msinkhu wa munthu, cha mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Anachigoneka m'chipinda chophunzirira, pafupi ndi silinda ya okisijeni.

Chipatala chinali kutsegula chipinda cha amayi oyembekezera odwala mwakayakaya. Mzamba wofuna kugwira ntchito m'menemo anayenera kukhoza mayeso a pachidolecho. Wolephera katatu ankabwerera ku sikelo.

Mzamba wamkulu wa wodi ya amayi oyembekezera ankatchedwa a Makutu, chifukwa ankamva kugunda kwa mtima wa mwana m'mimba pamene anzawo agwa ulesi. Chipinda chatsopanocho anachipempha okha kwa zaka zambiri, ndipo ankafuna kuchitsogolera. Lachiwiri analephera. Lachitatu analepheranso.

Cholakwa chinali chimodzimodzi. Wophunzitsa, dokotala wachitsikana wogonetsa odwala ku fiyeta, ankanena kuti, "Mayiyu wakomoka, akupuma movutikira. Yambani." A Makutu ankafika pabedi, manja n'kupita okha pamimba, kupapasa m'mene mwana wagonera, kenako khutu pa chomvera mtima wa mwana.

"Imani pomwepo, asisita," anatero dokotala Lachitatu. "Mayi wanu lilime lamutseka kukhosi. Inu muli kuti?"

"Ndikumvera mwana."

"Mwanayo akupuma mpweya wa ndani?"

A Makutu yankho ankalidziwa bwino lomwe, ndipo pa mayeso olemba anaposa onse. Koma mzamba amaphunzitsidwa kuyambira pamimba, ndipo iwo anali atayambira pamenepo kwa amayi osawerengeka.

Pa tiyi, namwino mnzawo amene analowa naye ntchito limodzi sanawasiye.

"Achemwali, tikumangeni manja kumbuyo ndi bandeji?"

"Iwe unakhoza chifukwa mimba sunaidziwepo n'kale lonse."

"Eya, umbuli wandipulumutsa. Koma kunena zoona, chidolecho nkhope yake mukuidziwa? Pakamwa n'potseka kapena n'potsegula?"

A Makutu anaika kapu pansi. Sankadziwa. Masana, anzawo atapita, anakalowa m'chipinda chophunzirira chija. Pakamwa panali potsegula pang'ono, mano apulasitiki akuoneka. Anayesa kukumbukira nkhope za amayi amene anawaona m'mawa ku wodi. Anakumbukira mimba zawo zokha: ya mwana wopingasa, ya mapasa, ya chipsera cha opaleshoni.

Mayeso omaliza anali Lachisanu m'mawa.

"Wakomoka, akupuma movutikira. Yambani."

Dzanja lamanja linanyamuka kulowera pamimba. Linaima m'malere, anthu onse akuona. A Makutu anazungulira kumutu kwa bedi.

"Mayi! Mayi, mukundimva? Thandizo kuno!"

Anakweza chibwano cha chidole, kuyang'ana m'kamwa, kuchitembenuzira kumanzere, kuchiveka chopumira. Analamula mnzawo uja kuika diripi ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi.

"Mtima wa mwana ukutsika," anatero dokotala, maso ali pa iwo.

A Makutu sanasunthe.

"Wina amvere. Itanani a ku fiyeta. Ine ndili ndi mayi."

Anapitiriza kuwerenga kapumidwe mokweza mpaka dokotala anati basi.

"Mayi wayamba kupuma bwino, wafika ku fiyeta ali moyo. Mwakhoza, asisita. Chipinda chija n'chanu."

Mnzawo anaomba m'manja kawiri, n'kusiya ataona kuti ali yekha.

"Nanga mwana?" anafunsa a Makutu.

"M'nkhani ya leroyi mwana sanapulumuke. Ngakhale mukanamumvera, sizikanasintha."

"Mukanatha kulemba kuti wapulumuka."

"Ndikanatha. Koma m'chipinda chimenecho zidzachitika, ndipo sindikufuna kuti tsikulo lidzakhale loyamba."

A Makutu anachotsa chopumira pankhope ya chidole, n'kupinda chubu chake bwinobwino.

"Akatsitsimuka mayiyu, amuuze ndani?"

"Zimenezo m'maphunzirowa mulibe," anatero dokotala.

"Muikemo. Anamwino anga asadzaphunzirire pa munthu."

Ena anali atayamba kale kutolera zikwama. A Makutu anakoka mpando, nakhala pafupi ndi pilo.

"Achemwali," anatero kwa mnzawo, "chotsani chidolechi, mugonepo inu. Mutsegule maso pang'onopang'ono, mundifunse za mwana wanu."

Mnzawoyo anafuna kuponya nthabwala, koma anawayang'ana kumaso. Anavula nsapato n'kukwera pabedi.