Kabokosi Kamene Keeley Sanachonge

Ndinali nditagwada kutsogolo kwa filiji, ndikugumula ayezi ndi chipande, pamene Keeley analowa m'khitchini n'kundigunda chidendene ndi tayala la chikuku chake.

"Amayi, dzukani. Ndili ndi intavyu 2 koloko, ndipo wa takisi akuti galimoto yonyamula chikuku yafa."

"2 koloko ya tsiku liti?"

"Ya lero."

Zam'filiji zonse zinali pansi pa thaulo: nsawawa, masoseji, nkhuku yathunthu. Wotchi inali itangodutsa 12.

"Nanga osandiuza bwanji? Bulauzi ija sindinasite."

"Ndasita ndekha. Mukanadziwa, bwenzi mutayamba kale kundikonzera tiyi wa maliro."

Keeley ndi mwana wanga wachiwiri, wa zaka 27. Miyendo yake sinayendepo chibadwire, koma mutu wake umathamanga kuposa wanga. Chaka chino chokha ndamuperekeza ku intavyu kakhumi ndi kamodzi, konseko chifukwa cha kabokosi. Pa fomu yofunsira ntchito pamakhala kabokosi kochonga ngati uli wolumala. Ukachonga, ndipo ngati zokuyenereza zofunikira uli nazo, kampani yomwe inalowa m'pangano la boma lothandiza olumala kupeza ntchito imakuitana ndithu. Kuitana kokha. Amakupatsa madzi m'kapu ya pepala, amamwetulira mpaka mano kuuma, kenako ntchito n'kupatsa munthu yemwe anali kale m'ofesi momwemo. Ife tikatero timabwerera kunyumba kudikira imelo yoyamba ndi mawu akuti pepani.

Ndinasiya filiji chitsekulire, ndinapinda chikuku, n'kuchikankhira kumbuyo kwa galimoto. Msana wanga unalankhula zake, ine sindinauyankhe.

Tili pamsewu wa ku Doncaster, iye anati, "Ulendo uno sindinachonge."

"Sunachonge chiyani?"

"Kabokosi. Ndinakasiya dala. Ofunsira ntchitoyi analipo oposa zana, aitana asanu. Ine ndili pa asanuwo, Amayi. Andiitanira zimene ndinalemba, osati matayalawa."

Mawu ake anali ngati a tsiku lomwe anakhoza mayeso aku koleji. Ndinali ndisanawamve kwa nthawi yaitali. Koma maganizo anga anali atathamangira kale pa masitepe. Munthu ukalera mwana wa chikuku, nyumba iliyonse umayamba waiwerenga masitepe usanaione mtundu wa penti.

Inali kampani ya malole, ndipo ntchito yake inali yokonza ndandanda wa madalaivala. Pakhomo panali potsetsereka bwinobwino. Pagalasi anamata chizindikiro cha pangano lija. Mayi wa pamalo olandirira alendo anayang'ana Keeley, anayang'ana pepala lake, kenako anayang'ana ine.

"Ndinu a Hepworth?"

"Ndine, pansi pano," anatero Keeley. "Awo ndi adalaivala anga."

Mayiyo anaimba foni monong'ona. Posakhalitsa anatsika mayi wina wa nsapato zogogoda, n'kunena kuti ndi Philippa, woona za antchito. Anatsika masitepe khumi ndi anayi.

"Aaa! A Hepworth, simunatiuze."

"Munandiitana, ndabwera."

"Inde, koma chipinda cha intavyu chili pamwamba, ndipo chikepe tilibe. Anzathu ochonga kabokosi timawaona Lachisanu, m'chipinda chapansi chomwe timabwereka kwa alonda. Mukanachonga, bwenzi zonse titakukonzerani. Bwanji ndikulembeni Lachisanu?"

"Ofesi ya ntchitoyo ili pamwamba kapena pansi?" ndinafunsa ine.

"Amayi, khalani pansi," anatero Keeley osandiyang'ana.

Ndinakhala pa benchi. Nthawi yomweyo kunatulukira bambo wina wamimba, manja a malaya atapinda, sangweji ili m'manja. Anali bambo Gaskell, bwana wa ndandandawo.

"Philippa, wa intavyu wachitatu uja ali kuti? Ine ndikufuna dzina pofika mawa. Za Lachisanuzo n'zanu, ine sizindikhudza."

 Philippa anayamba kukonza mapepala omwe anali okonzakonza kale. Limeneli linali Lachitatu. Aliyense pamalopo ankadziwa kuwerenga masiku.

"Wachitatuyo ndine," anatero Keeley. "Tichitire pompano."

Philippa ndi bambo Gaskell anakoka mipando iwiri pakati pa makina a khofi ndi khomo la chimbudzi cha madalaivala. Mwana wanga anayesedwa ntchito pamenepo. Dalaivala aliyense wopita kukadzithandiza ankati, "Pepani achemwali, ndidutse," ndipo Keeley ankabweza chikuku pang'ono, n'kupitiriza chiganizo pomwe anachisiyira. Makina oumitsa m'manja akalira, ankadikira.

Philippa anawerenga mafunso ake a papepala. Kenako bambo Gaskell anafunsa lawo, akutafuna.

"Lole yaima kudoko la Immingham, katundu ndi nsomba, maola a dalaivala atha, ndipo lamulo silimulola kugwiranso chiwongolero. Upanga chiyani, mwanawe?"

Keeley anawafunsa kuti lole ina yapafupi ili kuti ndipo dalaivala wake watsala ndi maola angati. Anawasinthanitsa anthu awiriwo pakamwa pomwepo, n'kuuzanso bambowo nthawi yomwe nsombazo zikafike ku Leeds. Ine za malole sindizidziwa. Koma ndinaona bambo Gaskell akuika sangweji pabondo.

"Eya! Yemwe wachoka pa ntchitoyi uja zimenezi zinkamutengera tsiku lonse."

Anaseka, Keeley nayenso anaseka. Kenako maso a bambowo anapita pa masitepe. Ndinaona milomo yawo ikugwedezeka pang'ono. Ankawerenga. Atamaliza anatolanso sangweji yawo.

Zonse zinatenga mphindi khumi ndi zitatu. Tikutuluka, Philippa anatithamangira ndi fomu ya Keeley.

"Kanthu kamodzi kokha, a Hepworth. Mungotichongerako apa, kuti zolemba zathu zikhale m'malo mwake. Kumapeto kwa chaka amatifunsa kuti olumala tawaona angati."

"Cholembera muli nacho ndinu," anatero Keeley, n'kutembenuza chikuku.

Ndikutsekula galimoto ndinayang'ana kudzera pagalasi. Philippa anali atawerama patebulo la alendo. Dzanja lake linayenda kamodzi, kamzere kakafupi pa fomu ija, ndiye n'kuwongoka. Keeley sindinamuuze.

M'njira anandiuza kuti ndimayendetsa galimoto ngati ndanyamula mazira a eni. Ine ndinati akafuna liwiro akwere basi. Za masitepe palibe anazitchula.

Imelo inabwera tikungolowa pakhomo, 4 koloko isanakwane. Sanadikire n'komwe kuti kuche. Keeley anaiwerenga mokweza, akutsanzira mawu a Philippa: pepani, tasankha wina wogwirizana kwambiri ndi zosowa za ofesi yathu, tikukulimbikitsani kudzalemberanso, ndipo musaiwale kuti mukachonga kabokosi intavyu ndi yotsimikizika.

Anaika foni pamiyendo.

"Kuli ntchito ina kukhonsolo, atseka Lolemba. Ndichonge kapena ndisachonge?"

Ine ndimakhala ndi yankho pa chilichonse, afunseni ana anga. Koma ulendo uno ndinangoyamba kusakasaka poika makiyi a galimoto.

"Ndikufunsa inu, Amayi."

"Sindikudziwa, Keeley."

"Chabwino. Bulauzi ija musaichape, sinade n'komwe."

Analowa kuchipinda kwake n'kutseka chitseko mosamenyetsa. Bola akanamenyetsa.

M'khitchini madzi anali atafika pansi pa tebulo. Nsawawa zinali phala, nkhuku itafewa, ndiye kuti tidya nkhuku masiku atatu, tifune tisafune. Ndinaponya thaulo lina pamadzipo, ndinavula nsapato, n'kugwadanso. Ayezi wakumbuyo kwenikweni anali adakali gwa. Ndinatola chipande.