Purosesa Yothamanga ya Adadi

Wogulitsa makompyuta anaika mapurosesa awiri, zipangizo zoyendetsa kompyuta, pakauntala patsogolo pa mphunzitsi wina wopuma pantchito. "Iyi ndi yolembera makalata, siitentha msanga. Inayi ndi ya magemu, liwiro lake ndi loopsa. Pa msinkhu wanuwu, bambo, tengani yoyambayi."

Mphunzitsi wopuma pantchitoyo anagwiragwira bokosi la yachiwiriyo. Chipitireni mwana wake wamkazi kunja kukagwira ntchito, mafoni awo ankangothera pa moni. Koma kale, akamapikisana pa gemu ya magalimoto pabalaza, mwanayo ankalongolola mpaka kuulula zinsinsi zake zonse.

"Ndipatseni yothamangayo," anatero.

Kompyuta italumikizidwa, anatumizira mwana wake uja uthenga womupempha kuti apikisanenso pa intaneti. Yankho linabwera mawa lake: "Adadi, ntchito yandipanikiza, mwina mwezi wamawa."

Anakoka mpando nayamba kuphunzira yekha kukhota m'makona pa gemu ija, kuti mwanayo asadzamupeze ataiwala.