Chidebe Chobooka cha Apongozi

Apongozi anga ndi munthu wosayamika. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala nawo nyumba imodzi, ndipo mawu abwino kwambiri amene ndinamvapo pakamwa pawo ndi akuti lero ndiwo sizinapserere. Ndiye adokotala atanena kuti akagonekedwe masabata asanu kuti akawakonze fupa la m'chiuno, mumtima ndinati mpata wanga ndi womwewu, akabwera adzandiyamika afune asafune.

Kuseri kwa nyumba yathu, kumene dzuwa limawotcha khoma kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuli chitsamba cha rozimeri. Chinkandilekeza m'chiuno, timasamba take tosongoka ngati singano, ndipo ukangochikhudza dzanja limanunkhira tsiku lonse. Anachibzala malemu apongozi aamuna chaka chimene anamanga nyumbayi, pa dothi lamiyala pomwe ngakhale udzu umakana. Chilimwe chikafika kapinga amauma, maluwa a aneba amafota, koma icho chili biriwiri. Apongozi aamunawo anamwalira ndisanakwatiwe, moti chinthu chamoyo chimene anasiya ndi manja awo pakhomopo chinali chokhachi.

M'mawa uliwonse ndikutsuka mbale, ndinkawaona pawindo apongozi akudutsa ndi chidebe chawo chachitsulo, akutsimphina, n'kukhotera kuseriko. Ankabwerako patatha theka la ola. Sankafuna wowatsatira, ndipo kunena zoona nanenso ndinkapumako nthawi imeneyo.

Tsiku lopita kuchipatala, atakwera kale galimoto, anandikodola. "Chitsamba cha bambo anu chija musachisiye chokha." Anangonena zomwezo, n'kutseka galasi.

M'mawa mwake ndinatenga chidebe chija n'kuchitchera pampopi. Ndisanayende mapazi atatu, madzi anali chuchuchu m'miyendo. Pansi pake panali bowo loti chala n'kulowa. Ndinagwidwa chisoni, ndinati gogoyu ankafika ndi madzi angati kuseriko, komanso kuuma mutu kotani kosanena kuti chidebe chinatha? Tsiku lomwelo ndinapita nacho kwa wowotcherera zitsulo, anachimata bwinobwino, ndinabwera ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Chaka chimenecho kunali ng'amba yoopsa, madzi pampopi ankabwera mwa apo ndi apo. Ine ndinkathira chidebe chodzaza m'mawa, china madzulo. Ana ndinkawasambitsa m'beseni limodzi kuti chitsamba chimwe. Ndinakumba kamgula kuzungulira tsinde kuti dontho lisathawe, n'kuthiramo manyowa a nkhuku. Bambo a ana, amene amayendetsa lole ndipo amaona zapakhomo kudzera pafoni, anati ndikuchita bwino kwambiri, amayi akasangalala.

Sabata yachitatu masamba am'munsi anayamba chikasu. Ndinati ndi ludzu, dzuwa lake lomweli, n'kuwonjezera chidebe chachitatu masana. Sabata yachinayi nthambi zinada, ndikagwira masamba akungoyoyoka m'manja. Ndinathamangira kwa bambo wina wogulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu, ndinachita kumupempha kuti asiye malonda akaone.

Bamboyo ananjuta, n'kupisa chala m'dothi, chinalowa chonse ngati m'phala. Anafukula pambali ndi kakhasu, kunatuluka fungo lovunda. Mizu inali yakuda bii, yofewa, ikuduka yokha. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi, wachimiza ndani?"

Ndinamuuza zonse, ndikuwerengera zidebe ngati wonyadira. Iye anapukusa mutu n'kunena kuti chomerachi moyo wake ndi dzuwa, miyala ndi dothi losasunga madzi. Chikagwira mizu chimatha miyezi osathiriridwa, ndipo manyowa ambiri sichiwafuna. Anati ndikanangochiiwala bwenzi chili moyo. Ine ndinamutsutsa kuti eni ake amathirira tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezi, ndimawaona ndi maso angawa. Anati zimenezo sangazidziwe, iye akuona mizu. Anadula tinthambi titatu tamsonga timene tinali tikadali tobiriwira, n'kutizika m'kachitini ka mchenga. Mwina kamodzi kaphuka, anatero, koma asandinamize.

Tsiku limene apongozi anatuluka, sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatsika galimoto ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono mpaka kuseri, ine ndili pambuyo ngati wopita kukaweruzidwa. Anaima pamaso pa chitsamba chakuda chija nthawi yaitali. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa zimenezo ndinazizolowera.

Pakamwa panga panayamba kuthamanga pokha. Ndinanena za zidebe zitatu, za beseni la ana, za manyowa, ndipo pofuna kuonetsa kuti sindinanyozere, ndinabweretsa chidebe chija kuti aone kuti ndinamatitsa ndi bowo lomwe.

"Mwamatitsa chiyani?"

Anachilandira, n'kusisita chigamba chija ndi chala. Kenako anawerama movutikira, anachivundikira pansi pafupi ndi khoma, n'kukhalapo. Apo m'pamene ndinaona. Tako la chidebecho linali losalala, lowala chifukwa chokhalidwa, ndipo ndinaligwira masabata asanu osafunsa chifukwa chake. Pansi pakhomapo panali chizindikiro chozungulira, ndipo mlomo wa chidebe unalowa ndendende pomwepo.

"Chidebechi chinabooka bambo anu akadali moyo," anatero. "Ine ndimakhalira. Dontho la madzi sindinathirepo pano."

Musachisiye chokha. Anandipempha kuti ndizibwera kudzakhala, ine ndinamva zanga. Ndinalira mokweza ngati mwana, ndipo sindinachite manyazi.

Iwo anadikira ndimalize, maso ali pa nthambi zakufa zija. Anati m'mawa uliwonse amabwera kudzawauza malemu amuna awo za m'nyumba muno, amene wadwala, amene wakhoza mayeso, denga pamene likudontha. Ndinathamanga kukatenga kachitini kaja n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anatsina katsamba kamodzi, ananunkhiza, n'kukaika kachitiniko pambali pa phazi lawo, mbali yotalikirana ndi ine.

"Za inunso ndimawauza," anatero osandiyang'ana. "Zaka zonsezi ndimawauza kuti mwana wathu anapeza mkazi wosatopa, akagwira chinthu salekeza panjira. Lero adzionera okha."

Mawu amene ndinawadikira zaka zisanu ndi chimodzi anali amenewo. Ndinaima pomwepo padzuwa, matope a kamgula kanga akundimata kumapazi, mpaka anandiuza kuti ndipite, akufuna kulankhula ndi amuna awo.