Musayatse Getsi M'chipinda Chozizira

Anzake a ku labu ankamutcha Kadzidzi, chifukwa ntchito yake inali ya mumdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Chipinda chake chinali kumapeto kwa khonde, chozizira ngati furiji, chopanda zenera, kababu kobiriwira kokha kakuyaka pakona. Ankalowamo m'mawa atavala majuzi awiri, n'kutuluka masana mphuno ikuchucha, anthu onse atadya kale.

Ankaweta mabakiteriya ofiirira m'mabotolo. Akakhwima ankawaphwanya, kuwazungulitsa m'makina, kenaka n'kudonthezera sopo wa mu labu kuti atulutse chimene onse pamalopo ankachitcha phata: kanthu kosaoneka ndi maso kamene kamagwira kuwala n'kukusandutsa mphamvu ya moyo. Tsamba lililonse lobiriwira lili ndi phata lake, koma la bakiteriya akuti n'losavuta kulipatula. Losavuta pakamwa potu. Likangochoka m'malo mwake silichedwa kuwonongeka. Kukafunda pang'ono, lapita. Wina akayatsa getsi loyera, lapita.

Kadzidzi sanapondeko ku yunivesite ngati wophunzira. Anabwera kudzatsuka mabotolo, n'kumawerenga mabuku amene ena ankatsamiritsira zitseko. Anataya zaka zisanu m'chisanu chimenecho, mpaka tsiku lina phata lake linaundana n'kukhala timibulu tonga ta mchere, toti makina n'kutiunika anthu aone mmene phatalo linamangidwira. A Pulofesa, mkulu wa labuyo, anaitana alendo. Wophunzira wawo, amene ankadzitcha kale Dokotala asanamalize n'komwe, anajambulitsa atanyamula kambale ka timibulu ta Kadzidzi.

Nkhani yolengeza zimene apezazo Kadzidzi anaiona pa pulinta. Pamwamba panali mayina awiri, la a Pulofesa ndi la Dokotala. Iye anali pansi penipeni, m'timalemba tating'ono: “Tikuthokoza wantchito wathu posamalira mabotolo.” Anawerenga kawiri. Analowa m'chipinda chake, kutseka chitseko, n'kutukwana mpaka kukhosi kuwawa. Makoma a m'menemo ndi ochindikala, palibe anamva.

Patapita mwezi, akadaulo oyesa nkhaniyo anayankha kuti sangaisindikize pokhapokha timibulu tija titapangidwanso, aone kuti sizinali zamwayi.

“Asisi, tiyambe Lolemba eti?” anatero Dokotala.

“Yambani. Ine ndine wa mabotolo.”

Dokotala anatenga kope la Kadzidzi n'kutsata mzere ndi mzere. Koyamba anatulutsa matope otuwa. Kachiwiri matope. Kachitatu anatuluka m'chipindamo akunjenjemera, milomo itachita buluu.

“Asisi, nenani zoona, mwawalodza mabotolowa?”

“Ndiwalodze bwanji? Ya ufitinso digiri ndilibe.”

M'kopemo munalibe bodza. Munalembedwa muyezo wa sopo, koma mabakiteriya sakhwima mofanana sabata ndi sabata. Kadzidzi sankayang'ana muyezo. Ankadontheza, n'kudikira, n'kudontheza, mpaka madzi a mbuu aja atayamba kuyera ngati tiyi wopanda mkaka, pomwepo n'kuleka. Pansi pa kababu kobiriwira, kusinthako amakuona ndi munthu amene maso ake anakulira momwemo.

Lachinayi m'mawa chitseko chinatseguka ndipo munalowa a Pulofesa, koyamba pa zaka zonsezo. Dzanja lawo linayamba kupapasa khoma.

“Musayatse!”

Anachotsa dzanja ngati agwira moto. Anaima mumdimamo ndi shati yopyapyala, osadziwa poponda.

“Mayi, ndamva kuti mukukana ntchito.”

“Mabotolo onse ndi otsuka, bwana. Kaoneni.”

“Musandiyankhe choncho. Mukudziwa chimene ndikunena. Tatsala ndi masabata atatu.”

“Mwatsala. Pamwamba paja ndinaona mayina awiri, langa panalibe.”

A Pulofesa anapumira m'mwamba, nthunzi n'kutuluka m'kamwa. “Zinthu zili ndi dongosolo lake. Dzina limaikidwa la munthu amene wabweretsa nzeru. Inu mwathandiza ndi manja, ndipo takuthokozani.”

“Ndiye nzeruzo zalephera bwanji katatu?”

Mawu a Kadzidzi ananjenjemera ndi kuzizira, ndipo zinamukwiyitsa kuti mwina a Pulofesa aganiza kuti ndi mantha. Anapitiriza dala mokweza.

“Amene anasintha sopo uja ndani? Munali kunja inu. Amene anaona kuti mchere ukuchuluka ndani? Zala izi sizimvanso kutentha, bwana. Mabakiteriyawa sanandifunsepo satifiketi. Inu nokha.”

“Mukudziwa kuti ndikhoza kukuchotsani?”

“Mukhoza. Makiyi ali pa msomali apo. Koma potuluka musayatse getsi, muli phata la dzulo m'mbalemo.”

A Pulofesa anatembenuka, kugunda mpando ndi bondo, n'kutuluka.

Tsiku lonselo palibe analankhula ndi Kadzidzi. Pa khonde anthu ankamupatukira ngati wanyamula matenda. Anadya yekha pa masitepe a kuseri, moyang'anana ndi mapaipi, akuwerenga m'mutu malo ena amene angafune wotsuka mabotolo. Anaimbira mkulu wake.

“Achemwali, mwina ntchito yatha.”

“Walongololanso eti? Pakamwa pakopo! Ndili ndi makasitomala, ndikuimbira.”

Sanaimbe.

Lachisanu anafika ali wokonzeka kulandira kalata. Pansi pa chitseko cha chipinda chozizira panalidi pepala. Analitola, kulowa, kutseka, n'kuliyandikiza pa kababu kobiriwira. Linali tsamba loyamba la nkhani ija. Pambuyo pa mayina awiri aja wina anawonjezera lachitatu, la iyeyo, ndi bolopeni, mokanda kwambiri mpaka pepala kubooka. Panalibe moni, panalibe pepani. M'munsi munangolembedwa kuti: “Masabata atatu.”

Analiwerenga ataimirira, n'kuliwerenganso atakhala pansi. Ankayembekeza kuti mtima udumpha, koma unangoti zii. Kunja kwa chitseko kunkamveka anthu akuseka za mpira, mapazi awo akudutsa osaima.

Anapinda pepalalo kanayi n'kulilowetsa pakati pa majuzi ake awiri. Anatulutsa botolo m'madzi oundana, kulikhazika pa makina otakasa, n'kuweramira pafupi. Dontho loyamba la sopo linagwa. Anadikira.