Maso Anga Ofiira

Panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Ine Corbin, amene sukulu yathu yonse m'tawuni ya Red Deer inkanditcha Chiutsi poganiza kuti ndimasuta, ndinali ndisanalawepo chamba. Maso anga amafiira chifukwa cha ubweya wa amphaka a mayi anga, ndipo ndimachedwa kuyankha chifukwa cha manyazi basi. Koma anyamata amene kale sankandiona atayamba kundipatsa moni m'makonde, ndinangolilola dzinalo. Zinkandikoma.

Lachisanu lija mayeso anali atatha, ine ndi anzanga awiri tonse titakwanitsa zaka 18, ndipo galimoto ya mnzanga Harjot inali itadzaza matenti ndi masoseji a ulendo wa kumapiri. Harjot ankaimba nyimbo uku akumenya chiwongolero. Teagan, mtsikana amene ndinkamukonda chamumtima, anatulutsa mutu pawindo n'kumakuwira aliyense kuti sukulu yatha.

"Ima apa, aise!" anatero Teagan ataona sitolo ya chamba, imene kuno ndi yololedwa ndi boma. "Lero ndilawa. Katswiri tili naye m'galimoto momwe muno."

Pakhomo anationa ziphaso, ndipo Harjot anakweza chake m'mwamba ngati chikho cha mpira. M'katimo munali mowala ngati mogulitsa mafoni. Timabotolo tinali ndondondo m'magalasi, kalikonse ndi nambala yake.

"Bwana Chiutsi, tisankhireni," Harjot anatero, akuwerama ngati woperekera zakudya.

Ndinaloza kabotolo ka nambala yaikulu koposa, 31. Kusukulu nambala yaikulu ndiye inali yabwino.

"Eee! Mwamuona? Sanaphethire n'komwe!" Harjot anafuula.

Mayi wogulitsa, wa imvi zazifupi, dzina lake Marlys litalembedwa pachifuwa, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Nambala imeneyo ndi ya THC, ana inu, chimene chimazunguza mutu. Chamba cha pa utsikana wanga chinali tiyi wa masamba obwereza. Ichi mwalozachi ndi wisiki wosasungunula. Woyamba kumene ndani pano?"

Teagan anakweza dzanja akuseka. "Ine. Koma utsi ayi, umanditsamwa. Ndikufuna timaswiti ta chamba ito. Khofi yemwe amandithamangitsa mtima."

"Ndiye mvetsera, mwanawe." Mayi Marlys anaika kapaketi patebulo. "Muli timaswiti tinayi, pamodzi mamiligalamu khumi. Iwe udye kamodzi kokha. Utsi umamveka pompo, koma chodya chimabwera mochedwa, mwina pakatha maola awiri. Ambiri amati sichikugwira, n'kuwonjezera, kenako zonse zimawafikira nthawi imodzi. Kapena tenga iti ta CBD wambiri, amene sazunguza mutu, n'tofatsa. Mukupita kuti?"

"Kumapiri!" tinayankha pamodzi.

"Kopanda netiweki, chipatala kutali. Safunsa anadya phula."

Atatero anapita kukathandiza bambo wina amene ankafuna mafuta opaka bondo.

Harjot anatikokera pambali. "Amayiwa amauza aliyense zomwezo, ndi mwambo wa ntchito. Kamodzi? Kameneko n'ka agogo a nyamakazi. Teagan, menya paketi lonse, sukulu simatha kawiri. Sichoncho, Chiutsi? Iweyo umadya angati?"

"Zimatengera," ndinatero. Mawu amenewo anali atandipulumutsa kambirimbiri.

"Wamva? Akatswiri amayankha choncho!"

Teagan ananyamula mapaketi awiri, laukali kudzanja lamanja, lofatsa kumanzere, n'kumawavinitsa. Masaya ake anali atafiira ndi chisangalalo. Anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la sopo m'tsitsi lake.

"Harjot ndi wamisala, sindimumvera. Amayiwo sakundidziwa. Iwe umandidziwa, ndipo zinthuzi umazidziwa. Chimene unene ndichita. Ukati lonse, ndidya lonse."

Palibe mtsikana anali atandiyang'anapo choncho. Ndinkafuna kuti asasiye. Kungogwedeza mutu kokha, ndikanakhala Chiutsi mpaka Lamlungu, mwina atakhala pambali panga ulendo wonse. Koma ndinamuona m'maganizo ali m'tenti, dzanja pachifuwa, akundifunsa kuti zitha liti, ine ndikuyankha kuti zimatengera.

"Tiyeni, anthu inu, masoseji akufunda m'galimoto!" Harjot anakuwa.

Mayi Marlys anabwerera. "Mwagwirizana? Ndipo woyendetsa galimoto asakhudze kanthu mpaka mutafika, mwamva? Nanga mnyamata wa 31, ndikukulungire?" Anaika kabotolo ndinaloza patsogolo panga.

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinakankha kabotolo kaja pang'onopang'ono kubwerera kwa mayiwo, ndipo ndinachotsa paketi laukali m'dzanja la Teagan.

"Tenga lofatsalo. Udye kamodzi, udikire, monga anenera amayiwa."

"Iwe, Chiutsi, wakalamba liti?" Harjot anafunsa.

Ndinayang'ana Teagan, ndipo mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira, moti bambo wa bondo uja anatembenuka.

"Teagan, ine sindinalawepo chamba chibadwire. Masowa ndi amphaka."