Nsonga za Fodya wa Lilian

Loweruka, pa 12 Ogasiti 2023, bambo Bester Kamwendo anadula nsonga za fodya yense wa mwana wawo Lilian, m'nyumba yagalasi yochitira kafukufuku ku Mississauga, m'dziko la Canada.

Fodyayo sanali wogulitsa. Lilian ankafufuza ngati madzi akuda otsala poyenga mafuta a azitona angawonjezere chonde m'nthaka. Madziwo anachokera ku Tunisia m'migolo, ndipo anali atatha. Fodyayo anamudzala m'miphika; ina anaithira ambiri, ina pang'ono, ina osaithira. Kunangotsala kuyeza msinkhu, maluwa ndi njere.

Bambo akewo anabwera kudzacheza kuchokera ku Kasungu, kumene alima fodya moyo wawo wonse. Kunyumba kwa Lilian ku Scarborough ankangokhala pawindo, manja ali lende. Lilian anawamvera chisoni nawatenga kuntchito. Anawasiya pampando, iye n'kupita kukatenga sikelo. Pobwera anapeza maluwa ali mulu pakona, madala akupukuta zala zonata.

"Adadi, mwachita chiyani?"

"Ndakuthandiza, mama. Fodya wochita maluwa ndi wa mlesi. Ukufuna azungu aziseka kuti mwana wa Kamwendo sadziwa kuthena fodya?"

"Anakutumani ndani?"

"Ntchito yoonekeratu n'kudikiranso kutumidwa? Madzi akowa akununkha ngati kudzala, koma tsamba lakelo, eee..."

Lilian sanawalole kumaliza. Anawakalipira m'Chingerezi, mokweza, pamaso pa Ryan, mnzake wa pa kafukufuku, amene anangozolika. Anawauza kuti kuno si kumudzi. Chingerezi bambowo amachimva bwino lomwe. Anavula chipewa nati, "Pepani, madamu," n'kutuluka kukadikira pagalimoto.

Kuyambira tsikulo ankamuyankha mwaulemu ngati mlendo. Akawapatsa tiyi, "Zikomo, mwatithandiza." Lilian ankati apepesa mtima ukakhala pansi, koma masiku anathera pa kupempha madzi ena ku Tunisia. Pa 3 Seputembala anawaperekeza ku eyapoti. Bambowo anamupatsa moni wa m'manja, dzanja lamanzere litagwira mkono.

Ali pamsewu wa 401 pobwerera, Lilian anakumbukira kuti sanawafotokozerepo chimene anadzalira fodyayo. Ankangoti "ntchito yanga," poganiza kuti sangamvetse. Munthu woti amadziwa chinyezi cha tsamba pongolikhudza.

Anawatumizira uthenga wa mawu wopepesa, m'Chichewa. Foni ikuonetsa kuti anaumvera pa 11 Seputembala. Amayi ake akuti madala ali bwino, akufesa nazale kudimba. Uthengawo sanauyankhebe.